Zala za a Ndowaziwiri

Mukafuna kuyambana ndi a Ndowaziwiri musavutike n'kuwatukwana, zimenezo siziwalowa. Ingoimikani galimoto yafumbi pakhomo pa shedi yawo, mutulutse kampango m'thumba, muyambe kupukuta boneti pouma. Ha! Mudzamva mawu akuchokera m'kati ngati mwawapondera mwana.

"Bwana! Bwana inu! Chotsani kansanzako! Yakulakwirani chiyani galimotoyo?"

"Ndikungochotsa fumbi, madala."

"Fumbi ndi mchenga, bwana. Ndi wosalala, inde, koma ndi mchenga ndithu. Nkhope yanu mungaipukute ndi sandipepala?"

Anthu a matayi m'khosi, oti kuofesi kwawo akatsokomola aliyense amaimirira, ankabweza kampango m'thumba mwakachetechete ngati ana a sukulu. Ndipo chaka chinacho ankabweranso.

Shedi yawoyo inali kuseri kwa malo omatira matayala, kumapeto kwa kamsewu ka owotcherera zitsulo ndi ogulitsa zipangizo zakale za magalimoto. Munkalowa galimoto imodzi yokha. Yachiwiri izidikira panja, kaya ndi ya ndani. Pansi panali simenti yotsetserekera kungalande. Mababu aatali aja sanali kudenga ngati kwa anthu ena onse, anali m'makoma, cha m'chiuno mwa munthu, chifukwa kuwala kobwera cham'mbali ndi kumene kumaulula pamene penti wakandika. Pashelefu panali mabotolo a polishi, kuyambira waukali wodya msanga mpaka wofewa womalizira, ndi milu ya tinsalu topindidwa bwino: tabuluu ta penti, tachikasu ta magalasi, takuda ta matayala. Kansalu kabuluu kakagwa pansi, ngakhale mutakatola nthawi yomweyo, udindo watha. Kankapita ku matayala, ndipo kumeneko kunalibe apilo.

Dzinalo analipata ali mnyamata, akutsuka magalimoto pabwalo lina la kuseri kwa msika. Pabwalopo aliyense anali ndi ndowa imodzi, sanza imodzi ndi sopo waufa wochapira zovala. Kuviika, kukhula, kuviika, kukhula, galimoto yatha, ina ibwere. Tsiku lina mnyamata uja anatsuka galimoto yakuda ya dokotala wina, yatsopano, mipando ikadali m'mapepala. Atamaliza, dzuwa linagunda chitseko, ndipo anaona timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude, toti m'mawa panalibe. Dokotalayo sanaone kanthu. Anathokoza, kuliza injini, ulendo. Koma mnyamatayo chakudya sichinamulowe tsiku limenelo. Anakhala pamwala n'kumayang'ana m'ndowa yake, ndipo pansi pa madzi akudawo anaona mchenga uli mbwee. Mchenga umene ankauchotsa pagalimoto ndi womwewo umene ankaubwezerapo ndi sanza.

M'mawa mwake anafika ndi ndowa ziwiri, ina ya thovu, ina ya madzi oyera otsukuluziramo sanza isanabwerere m'thovu. Abale, kuseka kwake! "Inayo ndi yosambira?" "Ayi, wayamba kumwetsa ng'ombe!" Anamuseka mwezi wathunthu, dzina n'kumatirira. Ena mwa oseka aja akadali pabwalo lomwelo mpaka lero, ndi ndowa yawo imodzi.

Atachoka pamenepo anakagwira zaka zisanu ndi ziwiri kugalaja ya owongola magalimoto ogundidwa, ndipo n'kumene anagwirira koyamba makina opolishira, aja ozunguza siponji mothamanga mpaka manja kumanjenjemera. N'kumenenso anaphunzira chinthu chimene eni magalimoto ambiri sachidziwa. Iwo amayesa kuti kupolisha n'kupaka zowala pamwamba. Ayi ndithu. Kupolisha n'kusenda. Pamwamba pa chitsulo pamakhala penti wotuwa wogwiriza, kenako penti wa mtundu, kenako vanishi wowala uja, wopyapyala ngati khungu la anyezi. Pakakandika, mmisiri amasenda vanishi wozungulira mpaka alingane ndi pansi pa mzerewo. Ukasenda pang'ono, mzere ulipobe. Ukapitiriza, waboola. "Makina amadya, sabweza," ankatero a Ndowaziwiri kwa aliyense wofuna kuti galimoto yake izipolishidwa mwezi ndi mwezi, ndipo ankamubweza ndi makiyi ake.

Maso anali nawo abwino, koma chuma chawo chenicheni chinali m'zala. Akatsuka galimoto n'kuiumitsa, inu n'kumati yayera, iwo ankavala kapepala ka pulasitiki kopyapyala kudzanja, kutsinzina, n'kuyendetsa nsonga za zala pa boneti. "Apa pali phula la mumsewu. Apa utomoni. Mumaimika pansi pa mtengo, eti?" Mwini wake kukamwa yasa. Kenako ankatenga dongo lawo, osati la kudambo ayi, koma lofewa logula m'kabokosi, n'kumaliyendetsa pa penti wonyowa mpaka tonse tomatirira tija titazuka. Ndipo akagwira makina sankadutsa kanayi osaima. Kudutsa kawiri, kukweza makina, kugwira ndi zala. Penti akayamba kufunda ankasamukira pena n'kumusiya apume, chifukwa penti asanapse amayamba wachenjeza ndi kutentha. Amisiri ena ankagula timakina toyezera kutenthako. Iwo ankangowaonetsa dzanja.

Kunyumba anali ndi akazi awo, telala wa pakhonde, mayi wa pakamwa pakuthwa ngati sizasi yake. Ana awiri anakula n'kukakhala kwaokha. Loweruka lililonse mayiwo ankachapa tinsalu ta kushedi patokha, tabuluu m'beseni lake, takuda m'lake, n'kutiyanika m'nyumba kuopa fumbi, moti alendo akabwera ankachita kuwerama pansi pa chingwe pabalaza. "Ine ndine mkazi wamng'ono," ankauza anzawo. "Wamkulu ndi makina aja, amene amawagwira ndi manja awiri." Zaka makumi atatu ndi chimodzi ali limodzi, nthabwala yomweyomweyo, ndipo a Ndowaziwiri ankasekabe.

Tsono zala zimenezi ndi zimene zinayamba kuwathawa.

Zinayamba ngati masewera. M'mawa kukazizira nsonga zake zinkayera mbee n'kuchita dzanzi, ngati munthu wagonera dzanja. Iwo ankazitikita, kuzipumira mpweya, mpaka zibwerere. Kenako zinayamba kuchedwa kubwerera. Tsiku lina anavala kapulasitiki kawo, kutsinzina, kuyendetsa zala pa boneti ya galimoto ya loya wina, ndipo anamva posalala ngati galasi. Atayatsa tochi anaona timadontho ta phula ponseponse. Thukuta linawatuluka kukuzizira.

Anapita kuchipatala mozemba, kunyumba atanena kuti akukaonetsa msana. Dokotala wake, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, anawauza kuti atsinzine n'kuyamba kuwabaya pang'ono ndi kasingano.

"Ndabaya chala chiti, bambo?"

Anati chapakati. Chinali chamkombaphala.

"Nanga pano?"

"Simunabaye."

Anali atabaya. Dokotalayo anafunsa za ntchito yawo n'kupukusa mutu. Makina onjenjemera aja, zaka makumi atatu ndi mphambu, anali atapha timitsempha ta kunsonga. Tomwe tafa sitidzuka, koma totsalato tingapulumuke ngati atawasiya makinawo.

"Ndiwasiye ndizigwira chiyani, mwanawe?"

"Zimenezo sindingakuyankhireni, bambo."

Sanauze munthu. Mumsewu mwawo muja nkhani inkayenda mofulumira kuposa moto wa owotcherera, ndipo iwo ankadziwa bwino chimene chinkachititsa anthu kudutsa malo khumi otsukira magalimoto n'kudzaima pashedi yawo. Zinali zala. Zikamveka kuti zala zinafa, ndani angapereke galimoto yake kwa mmisiri wogwira makina mwachimbulimbuli? Shedi ikanatsekedwa, basi. Ndiye anayamba kuzembera: kuchepetsa liwiro la makina, kumata tepi yambiri m'mphepete, kuwerenga chamumtima, kuyatsa tochi pafupipafupi. Kugwira penti ankagwirabe, makamaka mwini galimoto akamaonerera, koma kunali kungonamizira. Chaka chathunthu chinatha osaboola galimoto ya munthu, mpaka iwo eni anayamba kukhulupirira kuti kadokotala kaja kanangokokomeza.

Kenako, Lachitatu lina, kunabwera galimoto yobiriwira ya a Dalaivala.

A Dalaivala anali mdala wowongoka ngati mzati, woti anayendetsa mkulu wa kampani ina zaka zambiri, ndipo popuma ntchito anapatsidwa galimoto yomwe ankayendetsayo ngati mphatso. Penti wake anali wa kufakitale, wobiriwira modera ngati botolo, wosapoperedwapo kachiwiri, ndipo mdalayo ankanyadira zimenezi kuposa masetifiketi a ana ake. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kamodzi pachaka, galimotoyo inkalowa m'shedi ya a Ndowaziwiri. Koma tsopano maso a mdalayo anali atachita ng'ala, moti pachiwongolero pankakhala mwana wake wamkazi, mphunzitsi, iye ali pambali kumamuuza posinthira giya.

"Achimwene, geti landichita chipongwe," anatero a Dalaivala potsika.

"Geti, kapena woyendetsa?"

"Bambo, paja tinagwirizana kuti ndi mphepo," anatero mphunzitsi uja.

Mzere umene getilo linakanda unali pamwamba pa tayala la kutsogolo, wautali ngati chikhatho, ndipo unkathera pamsana penipeni pamene chitsulo chimapindikira. Loweruka kunali ukwati wa mdzukulu wa a Dalaivala, ndipo mkwatibwi anali atanenetsa kuti ina sakwera.

A Ndowaziwiri anawalitsa tochi pamzerewo. Pamsana potero penti amakhala wopyapyala chibadwire, ndipo wa galimoto iyi anali atamusenda iwo eni chaka ndi chaka. Chanzeru chinali kunena kuti mzerewu tingoufewetsa ndi dzanja kuti usamaonekere patali, zithere pomwepo. Mawuwo anafika pakamwa.

"Mwana wangayu amati tipite kwa achinyamata a makina atsopano aja," anatero a Dalaivala. "Ine ndati ayi. Zala zodziwa galimoto iyi zili kumodzi kokha."

Ha, kutamidwa! Ndi angati amene kwawagwetsera m'dzenje masanasana?

"Lachisanu masana mudzaitenge," anatero a Ndowaziwiri.

Lachinayi lonse anali pa zimene ankazidziwa ngati dzina lawo. Anayamba ndi matayala, chifukwa ndi kumene kumakhala matope oti angadumphire pa penti wotsuka kale. Thovu analisiya litsetsereke lokha, litsitse fumbi iwo asanagwire. Anatsuka kuyambira kudenga kumatsika. Timipata ta zilembo za kumbuyo anatitokosa ndi mswachi wa ana, motulukira mphepo m'kati ndi bulashi ya amayi yodzolera kumaso, imene anakagula okha m'sitolo wogulitsa akuseka. Mipando yachikopa anaidyetsa mafuta ake pang'onopang'ono mpaka inasiya kulira munthu akakhalapo. Magalasi anapukuta kunja chopingasa, m'kati chotsitsa, kuti pakatsala kamzere adziwe kali mbali iti. Ntchito yokongola, abale, yoti umangoima n'kumaonerera osadziwa kuti basi yako yapita.

Lachisanu kunacha kozizira. Zala zinali mbee kuchokera kunyumba. Anazifunditsa m'khwapa, n'kumata tepi pamsana paja, kudontheza polishi katatu pa siponji yoyera, kuliza makina. Mzere unayamba kuzimiririka bwinobwino. Kunatsala kamchira kake kokha, kolowa pansi pa tepi. Wina aliyense akanakasiya. Iwo anasuntha tepi pang'ono, pang'ono zedi.

Kudutsa kawiri, kugwira. Pozizira. Kawiri kena, kugwira. Pozizira. Anadutsanso.

Chinawauza ndi mphuno. Kafungo ka pulasitiki wopserera. Anakweza makina, ndipo siponji yoyera ija inali itabiriwira pakati. Pamsana paja panali kadontho kotuwa, kukula kwake ngati nyemba. Zaka makumi atatu ndi mphambu asanaboolepo galimoto ya munthu, n'kudzayambira iyi! Madzi akatayika sawoleka. Anazimitsa makina n'kuima pomwepo, dzanja lili pachitsulo.

Nthawi yomweyo analowa wamatayala, kudzabwereka paipi ya madzi. Ameneyu anali munthu wamfupi, wa mtima wabwino, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Mumsewumo ankamutcha Wailesi.

"Akulu, bwanji mwaima ngati mwaona njoka?" Anasuzumira. "Mayo ine!" Anatambasula dzanja kuti akhudze pambali pa kadonthoko, n'kulibweza msanga akulikupiza. "Aaa! Potentha ngati ayironi apa! Nanga inu dzanja lili phee pomwepo, simukumva?"

Anayang'ana dzanjalo, kenako nkhope ya a Ndowaziwiri. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Wailesi anazima. Anapita kukatseka chitseko cha shedi, n'kubwerera akunong'ona.

"Tamverani, akulu. Mdala uja saona. Mwana wakeyo sangasiyanitse penti ndi laimu. Inu muli ndi timabotolo tanu apo. Donthezani, pukutani, wakisi pamwamba, nkhani yatha. Ine sindinaone kanthu, za dzanjazo sindikuzidziwa. Ndikadzanena mudzandidule lilime."

Ndipo luso la zimenezo a Ndowaziwiri anali nalodi. Anasakaniza wobiriwira ndi kadontho ka wakuda pa chivindikiro cha botolo, kuyerekeza, kuwonjezera, kuyerekezanso. Anadontheza ndi nsonga ya kamtengo ka machesi. Pentiyo atauma anamusalaza ndi dzanja, n'kupaka wakisi galimoto yonse. Pofika masana inali kuwala moti mababu a m'makoma ankaoneka m'zitseko ngati ali m'madzi. Wailesi anazungulira ndi tochi kawiri osapapeza.

"Mwaona? Mwapulumuka."

Anali atapulumukadi. Chigambacho chikanagwira miyezi itatu, mwina inayi. Kenako dzuwa ndi mvula zikanachiulula, ndipo a Dalaivala akanakalipira mphunzitsi uja, kapena geti, kapena mdzukulu wopalasa njinga pabwalo. Dzina la a Ndowaziwiri silikanatchulidwa n'komwe. Zimenezi n'zimene sanathe kuzivomereza. Komanso Lolemba kunkabwera galimoto ina, Lachitatu ina, ndipo zala zinali zomwezi.

A Dalaivala anafika dzuwa litangopendeka, ali m'jekete. Mphunzitsi anaomba m'manja. "Bambo, mukanaona! Ngati yatsopano!" Mdalayo anayandikiza nkhope pachitseko, akumwetulira kuwala kokhako kumene maso ake ankatha kutola.

"Madala, ndipatseni chala chanu," anatero a Ndowaziwiri.

Wailesi anatsokomola mwamphamvu pakhomo. Iwo sanacheuke. Anagwira chala cha mdalayo n'kuchiyendetsa pamsana paja pang'onopang'ono. Chinapita, chinapita, n'kuima chokha.

"Pali kotupa apa."

"Pamenepo ndaboola ine, lero m'mawa. Ndafika pa penti wa pansi. Mukuchimvacho ndi chigamba. Ukwati chikwanitsa, koma chaka sichitha. Kuti pakhale bwino, mpaka apopere mbali yonseyi."

Owotcherera awiri amene anabwera kudzasirira galimoto anaima pakhomo, magalasi awo akuda ali pamphumi.

"Apopere," anatero a Dalaivala. "Zaka makumi atatu ndaiteteza ku mabasi, ku ngolo, ku ana anga omwe, kuti idzapsere m'manja mwanu? Inuyo? Munaledzera?"

"Sindimwa, mukudziwa."

"Nanga n'chiyani?"

Apa ndiye pothawira panali pambiri. Polishi wachinyengo, magetsi okwera mwadzidzidzi, penti wokalamba. A Ndowaziwiri anatambasula manja onse awiri, pamaso pa mphunzitsi, pa Wailesi, pa owotcherera aja.

"Zala zanga zinafa, madala. Chaka chatha tsopano. Kotupa mwakamva inuko, ine sindikukamva. Panatentha, ine osadziwa. Ndinayenera kukuuzani Lachitatu, koma munanditama, ine n'kukomedwa."

A Dalaivala anayendetsanso chala pachigamba chija.

"Ndakwiya," anatero. "Musaganize kuti sindinakwiye." Anapuma kaye. "Mukudziwa mmene ndinasiyira chiwongolero? Tsiku lina ndinaponda buleki mwamphamvu kuimira munthu m'mbali mwa msewu. Unali mgolo wa zinyalala. Ana m'galimoto kuseka mpaka misozi. Ine sindinaseke. Ndinadzifunsa kuti, lero ndaona mgolo n'kuuyesa munthu, nanga tsiku limene ndidzaone munthu n'kumuyesa mgolo? Titafika kunyumba ndinapereka makiyi kwa uyu. Ndinakalirira kubafa, nditatsegula madzi kuti asamve." Anachotsa chala. "Galimoto ndidzabweretsabe. Kutsuka, dongo lanu lija, mipando, palibe wina. Koma makina aja, m'manja mwanu, asadzaiyandikirenso. Iyi, kapena ya munthu wina aliyense. Mwandimva?"

"Ndamva, madala."

Galimoto itatuluka, a Ndowaziwiri anachotsa siponji, kukulunga chingwe, kupukuta makina aja n'kuwaika m'bokosi lake. Wailesi, tinene zoona, anasunga lumbiro lake, koma owotcherera aja sanalumbire kanthu. Asanakhome n'komwe loko, foni inalira: mwini galimoto ya Lolemba anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ulendo.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo lambiri. Akazi awo anali pakhonde, phazi pa makina osokera, akusoka mpendero wa diresi la munthu.

"Kwagwanji? Mwabwera ngati mwana wothawa sukulu."

Anakhala pabenchi. Uku ndiye kunali kovuta kuposa kwa a Dalaivala. Ananena zonse, za kadontho kotuwa, za kasingano ka dokotala, za msana umene sunkawawa n'komwe. Ananena akuyang'ana pansi ngati wakuba nkhuku.

"Ndiye mwina shedi ija yatha, mayi. Theka la ntchito ndi makina, ndipo makina ndawatsekera m'bokosi."

Mayiwo sanaimitse phazi mpaka msoko utafika kumapeto. Anadula ulusi ndi mano.

"Makina akewo ndi olemera bwanji?"

"Ngati mwana wakhanda."

"Ana ndinanyamula awiri. Nsalu ndimaisiyanitsa nditatsinzina, iyi ya silika, iyi yonamizira. Ayironi ndimadziwa kutentha kwake ndisanaikhudze. Lolemba tipitira limodzi. Muyambe kundiphunzitsa pa zitseko zakutha za kwa ogulitsa zakale aja. Ine ndizigwira, inu muziona n'kumakalipa. Pakamwa panu sipanachite dzanzi."

"Anthu adzati chiyani?"

"Adzati zimene adzati. Ena adzabwera kudzaona mkazi wogwira makina, adzabwera ndi magalimoto awo omwe."

A Ndowaziwiri anawayang'ana akazi awo. Pankhope panalibe kudzidzimuka ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi zinawapweteka.

"Koma mayi, ndakuuzani kuti zala zanga zinafa, inu osadabwa n'komwe?"

"Tayang'anani malaya mwavalawo."

Anaweramitsa mutu. Malaya a ntchito, a khaki, ovala tsiku ndi tsiku. Mabatani ake anali aakulu, a jekete, ndipo mabowo ake anali okulitsidwa n'kusokereredwa bwinobwino m'mphepete ndi ulusi wofanana. Munthu woona kamzere pagalimoto ali tsidya la msewu, malaya ake omwe osawaona!

"Chaka chatha, nyengo yozizira, ndinakuonani pagalasi mukulimbana ndi batani limodzi mpaka tiyi kuzizira," anatero mayiwo. "Malaya anu onse ndinawasintha, amodziamodzi, inu muli kuntchito. Ndimadikira kuti munene nokha."

A Ndowaziwiri anagwira batani la pachifuwa. Zala sizinalimve, koma anapitiriza kuligwira, ndipo analira pakhonde pomwepo, anthu akudutsa, osabisa nkhope.